Chakudya cha pa chikondwerero kwa amene akuchepetsa sitachi ndi shuga

Pa Idi, pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano, mabanja ambiri kuno ku Mangochi amaphika mpunga wambiri, nkhuku, mandasi ndi thobwa, ndipo munthu amene analangizidwa kuchipatala kuti achepetse zakudya za sitachi ndi shuga amasowa mtengo wogwira. Ena amamuphikira mphika wakewake wa masamba owiritsa, zomwe zimamuchititsa manyazi pamaso pa alendo, mpaka amangodya zonse zimene anamuletsa. Langizo langa ndi lakuti banja liphike chakudya chimodzi, koma pa mbale ya munthuyo ndiwo zichuluke, ndipo mpunga kapena nsima ikhale yongoperekeza.

Kapu imodzi ya mpunga wophika imakhala ndi magalamu a sitachi pafupifupi 45, ndipo pa chikondwerero munthu amatha makapu atatu osazindikira. Pomupakulira, muikireni theka la kapu, kenaka dzazani malo otsalawo ndi kabichi wodula mopyapyala kwambiri, wokazinga pang'ono ndi anyezi, adyo ndi zokometsera zomwezo zimene mwathira mumpunga. Akasakaniza ziwirizi ndi msuzi wa nkhuku, fungo ndi kukoma kwa phwando zimakhalapo ndithu. Amene sakhuta popanda nsima adye mtanda umodzi waung'ono. Ambiri amakhulupirira kuti mgaiwa alibe vuto, koma zoona zake n'zakuti nawonso ndi sitachi. Ubwino wake ndi gaga amene amachedwetsa pang'ono kukwera kwa shuga m'magazi, choncho muyeso usasinthe. Kondowole, mbatata, chinangwa ndi futali amene timamukonda m'mwezi wa Ramadani zili m'gulu lomweli.

Pa ndiwo m'pamene ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi mwayi, pakuti nsomba ilibe sitachi ngakhale pang'ono. Chambo chootcha pamakala ndi mandimu ndi tsabola, kampango wophika ndi tomato, ngakhalenso utaka kapena usipa wauwisi pamene chambo chakwera mtengo, zonsezi munthu angadye mpaka kukhuta. Nkhuku yachikuda ndi nyama ya mbuzi nazonso zilibe vuto, malinga ngati simunazipake ufa pokazinga kapena kulimbitsa msuzi wake ndi ufa wa tirigu. Msuzi umalimba bwino ndi tomato wophikidwa nthawi yaitali, kapena ndi supuni ziwiri za nsinjiro. Masamba musawaone ngati ndiwo za tsiku losauka: nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso ndi therere, zimene zimapezeka mosavuta mvula ikayamba, zitenge theka la mbale yonse. Peyala likapezeka, lionjezereni, chifukwa mafuta ake amathandiza munthu kukhala wokhuta nthawi yaitali.

Zakumwa ndizo zimagwetsa anthu ambiri amene asamala bwino pa mbale. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana timasupuni ta tiyi pafupifupi 8. Thobwa, ngakhale losathira shuga, limachokera ku ufa ndi chimera, ndipo madzi a malambe amene timagulitsana m'misika amathiridwa shuga wambiri kuti aphe kuwawasa. Konzani madzi ozizira ofinyiramo mandimu, kapena tiyi wopanda shuga. Mango, amene amakhala mbwee mu Disembala, adyedwe limodzi laling'ono pambuyo pa chakudya, osati beseni lonse pansi pa mtengo.

Amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi a shuga monga glibenclamide asachepetse sitachi mwadzidzidzi asanakambirane ndi achipatala, chifukwa shuga angathe kutsika kwambiri. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, chizungulire ndi kusokonezeka maganizo, ndipo zikaoneka pamene munthuyo akadali wotha kumeza, mupatseni msanga madzi osungunuliramo supuni yaikulu imodzi ya shuga, kenaka adye chakudya, ndipo ngati sakupeza bwino muthamangire naye kuchipatala.