Mmene mungasankhire katswiri wa drone wopopera mankhwala m'munda wa zipatso

Musanaimbire foni kampani iliyonse, yambani mwayendera munda wanu kuti mudziwe tizilombo timene tikuononga, chifukwa drone (kandege kouluka popanda munthu m'kati) sigonjetsa tizilombo tonse mofanana. Imapopera kuchokera m'mwamba, ndipo ngakhale mphepo ya mapiko ake imagwedeza masamba n'kukankhira mankhwala pansi, mtengo waukulu wothithikana umatchinga nthambi zam'kati. Mbozi zodya nsonga zanthete zimafikiridwa mosavuta, ndiponso mankhwala a ntchentche za zipatso osakanizidwa ndi nyambo safunika kunyowetsa mtengo wonse. Koma kodikodi ndi akangaude ofiira, amene amabisala kunsi kwa masamba ndi m'mphanda za nthambi, angathe kupulumuka, ndipo wopopera woona mtima adzakuuzani zimenezi yekha asanalandire ndalama zanu.

Mukatero, pemphani kuona ziphaso, ndipo m'maiko ambiri zimakhala ziwiri. Choyamba chimachokera ku bungwe loona za kayendedwe ka ndege, ndipo chimasonyeza kuti munthuyo waloledwa kuulutsa drone pa ntchito yamalonda. Chachiwiri ndi chogwiritsira ntchito mankhwala ophera tizilombo. Ku United States, mwachitsanzo, kupopera mankhwala ndi drone kumafuna chilolezo chotchedwa Part 137 chochokera ku FAA, bungwe loona za ndege la dzikolo, pamene chiphaso cha mankhwala chimaperekedwa ndi boma la chigawo. Onani dzina lolembedwa pa chiphasocho ndi tsiku limene chidzathe, pakuti zimachitika kuti chiphaso n'cha mwini kampani, koma amene wabwera m'munda ndi munthu wina. Funsaninso za inshuwalansi, makamaka ngati imalipira mankhwala akauluka n'kuononga mbewu za mnansi wanu.

Nkhani ya madzi ndi imene alimi ambiri saiganizira. Mpope wokokedwa ndi thirakitala umathira malita mazanamazana pa hekitala ya mitengo ikuluikulu, nthawi zina oposa 1,000, pamene drone yaikulu ngati DJI Agras T40 imanyamula malita 40 okha pa ulendo umodzi. Choncho mankhwala amasungunulidwa m'madzi ochepa kwambiri, ndipo si mankhwala onse amene amaloledwa kutero. Werengani limodzi malangizo a pa botolo, muone ngati akuloleza kupopera kuchokera m'mwamba komanso madzi ochepetsetsa amene akufunika pa hekitala. Wopopera amene amalipidwa pa hekitala amafuna kumaliza msanga, ndipo njira yapafupi ndi kuchepetsa madzi ndi kuthamangitsa drone.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti kuyesa n'kofunika kuposa chilichonse chimene kampani ingakuuzeni. Pali timapepala tachikasu timene timasanduka tabuluu pamene pagwera dontho. Sankhani mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi, ina yam'mphepete ina yapakati pa munda, ndipo mupanire timapepalati pamwamba, pakati, m'kati pafupi ndi thunthu, ndiponso kunsi kwa masamba. Valani magolovesi ndipo dikirani mame aume, chifukwa thukuta la zala kapena chinyezi chimadetsa pepala lonse musanayambe n'komwe. Kenaka drone ipopere madzi okhaokha. Mukapeza kuti apamwamba adzaza madontho koma am'kati akadali achikasu, wopoperayo aulutse drone motsikirapo, achepetse liwiro kapena aonjezere madzi, kenaka muyesenso. Ngati akukana kuyesa kotereku, funani wina.

Pa tsiku la ntchito, wopopera wabwino amafika ndi chipangizo choyezera mphepo, amayendera munda kuti aone mawaya a magetsi ndi mitengo yotalika kuposa inzake, ndipo amajambula mapu asananyamule mankhwala. Mphepo yamphamvu imaulutsira madontho kutali, izi aliyense amadziwa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti m'mawa mwabata kwambiri, pamene utsi umayenda chopingasa m'malo mokwera, timadontho tating'ono timalendewera m'mlengalenga n'kukatera kwina. Musapopere mankhwala oopsa kwa njuchi mitengo ili ndi maluwa, ndipo dziwitsani anansi ndi oweta njuchi nthawi ikadalipo. Anthu ndi ziweto zichoke m'munda mpaka nthawi yolembedwa pa botolo itakwana.

Zonse zimene mwagwirizana zilembedwe: dzina la mankhwala ndi muyeso wake, malita pa hekitala, amene adzagule mankhwalawo, ndi zimene zidzachitike mvula ikagwa ntchito itangotha. Drone imasunga yokha njira imene yadutsa ndi kuchuluka kwa madzi amene yathira, choncho pemphani zolembedwazo musanamalize kulipira, ndipo musunge tsikulo kuti muwerengere masiku oyenera kudikira musanathyole zipatso. Pomaliza, funsani kuti drone imeneyo inapopera chiyani dzulo lake. Ngati anali mankhwala opha udzu ndipo thanki ndi mapaipi sizinatsukidwe bwino, zotsalira zake zingapiringize masamba ndi kuyoyola maluwa a mitengo yanu. Uzani wopoperayo atsuke inu mukuona.