Kukonza ma library ndi ma header a Raspberry Pi pa laputopu

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake pulogalamu yanu ya C ikukana kumangika pa laputopu ya Ubuntu pomwe mukufuna ikagwire ntchito pa Raspberry Pi ya 64-bit. Compiler (chida chomangira pulogalamu) ikutola ma library a laputopuyo, omwe ndi a purosesa ya x86_64, osati a ARM yomwe Pi imagwiritsa ntchito.

Yambirani pa Pi penipenipo. Ikani ma package othera ndi -dev, monga libssl-dev, chifukwa ma header (mafayilo a .h ofotokoza zomwe zili mu library) amakhala mmenemo. Pa laputopu lembani sudo apt install crossbuild-essential-arm64.

Kenako kopani /lib, /usr/lib ndi /usr/include kuchokera pa Pi kupita mu foda ya ~/sysroot pa laputopu pogwiritsa ntchito lamulo lokopera mafayilo la rsync -aRL. L ameneyu musamuiwale. Mafayilo ena a .so (ma library) amangoloza ku mafayilo ena a mu /lib, ndiye akafika pa laputopu amaloza malo olakwika, koma L amakopa fayilo yeniyeniyo. Magetsi akathima kwanu ku Ndirandeko musadandaule, mukaiyambitsanso rsync imadumpha zomwe inakopa kale.

Pomanga, lembani aarch64-linux-gnu-gcc --sysroot=$HOME/sysroot. Ambiri amagwa pa pkg-config, chida chouza compiler komwe kuli ma library, yomwe imapitabe kukafufuza ma library a laputopu m'malo mwa a mu sysroot. Ipatseni PKG_CONFIG_SYSROOT_DIR yoloza ku sysroot, ndi PKG_CONFIG_LIBDIR yoloza ku usr/lib/aarch64-linux-gnu/pkgconfig ya mkati mwa sysroot yomweyo.

Mukaona “skipping incompatible”, nthawi zambiri ndiye kuti -L wina woloza ku ma library a laputopu, monga -L/usr/lib, watsala mu Makefile (fayilo ya malangizo omangira), muchotseni. Pi ikadandaula kuti GLIBC_2.34 sikupezeka, mwamangira pa glibc (library yaikulu ya C) yatsopano kuposa yomwe ili pa Pi.

Musanatumize pulogalamuyo ku Pi, iyeseni ndi lamulo la file. Liyenera kulemba kuti ARM aarch64.