Momwe mungafikire pa chilumba cha Thumbi kuchokera ku Mangochi

Chilumba cha Thumbi chili moyang'anizana ndi mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, m'dera la Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiyika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna. Pachilumbapa palibe golosale kapena mjigo, choncho zonse muzikonzeretu kumtunda.

Mukanyamuka pa boma la Mangochi, kwerani minibasi yolowera ku Monkey Bay. Mutsike pamphambano ya ku Cape Maclear musanafike m'tauni ya Monkey Bay, ndipo kuchokera apo pali mtunda wa makilomita pafupifupi 18 womwe ambiri amayenda pa kabaza wa njinga yamoto. Ndalama tapirani pa boma. Tengani ndi chiphaso cha unzika, chifukwa Amalawi amalipira zochepa polowa m'pakiyi poyerekeza ndi alendo akunja.

Nkhani yaikulu ndi boti. Musanakwere, gwirizanani ndi mwini boti zinthu zitatu: mtengo wopita ndi kubwerera, ola lodzakutengani, komanso ngati mafuta ali m'mtengowo. Perekani theka, theka linalo mudzamalize pobwera. Funsani majekete oyandamitsa, ndipo aliyense avale lake, ngakhale amene amadziwa kusambira. Ngati majekete saakwanira, kapena boti ladzaza mpaka madzi akufika pafupi ndi m'mphepete mwake, musakwere. Bwato lamtengo ndi la asodzi ozolowera, si la banja lokhala ndi ana.

Nyamukani m'mawa nyanja isanadzuke. Kuyambira cha mu May mpaka August kumawomba mwera wochokera kummwera, pomwe nyengo yotentha ikamalowera kudzinja kumabwera mpoto, umene umawomba molunjika gombe la Chembe. Woyendetsa akati lero nyanja yaipa, mverani. Amaidziwa kuposa inu.

Munthu aliyense akhale ndi malita osachepera 3 a madzi akumwa, chipewa, ndi nsapato zogwira bwino, poti miyala ya m'madzi imakhala ndi ndere zoterera ndipo anthu ambiri amavulalira pamenepo potsika m'boti. Foni ikani m'pepala lapulasitiki lomanga bwino. Magalasi oonera pansi pa madzi ndi kapaipi kopumira amabwereketsa ku Chembe; yesani galasilo pankhope musanachoke, likamalowetsa mpweya lidzalowetsanso madzi.

Mukafika, sankhani kagombe kobisika pakati pa miyala kumene madzi ali bata. Mbuna zimakhala pamiyala pomwepo, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zikudya ndere. Ingoyandamani phee, zibwera zokha. Kuziponyera buledi n'kosafunika, kumangoipitsa madzi. Kuwedza m'kati mwa mamita 100 kuchokera pagombe la pakiyi n'koletsedwa, chimodzimodzinso kudula mitengo. Mabotolo ndi majumbo bwererani nawo.

Za likodzo tisabise. Tizilombo take timachokera m'nkhono za m'madzi osaya, makamaka pamene pali bango ndi udzu komanso pamene anthu amasamba ndi kuchapa. Choncho gombe la kumudzi, pomwe mumakwerera boti, ndi loopsa kuposa miyala ya pachilumba. Musachedwe m'madzi pamenepo, ndipo dzipukuteni mukangotuluka. Mukabwerera kwanu, pitani kuchipatala patatha milungu 6 mpaka 8 kukayezetsa. Mankhwala a praziquantel amapha nyongolotsi zokhwima, ndiye kumwa tsiku lomwelo sikuthandiza. Mukaona magazi mumkodzo musadikire.

Amene akufuna kugona pachilumba aganize za zilumba zina, Domwe kapena Mumbo, komwe kuli malo ogona oyenera kusungitsiratu. Mumbo ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku Chembe, ndipo njira yake ndi ya panyanja poyera, kotero ulendowo umafuna boti la injini yodalirika ndi mafuta apadera.