Momwe mungaphunzirire chilankhulo cha Mohawk kapena Cayuga pa koleji ku Ontario

Anzanga angapo a kumudzi amene tili nawo kuno akhala akundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti ine, mwana wa ku Dedza, ndizipatsana moni ndi agogo a ku Six Nations m'chilankhulo chawo. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Brantford, m'chigawo cha Ontario kuno ku Canada, ndipo ena mwa agogo amene ndimawasambitsa ndi kuwadyetsa kwawo ndi ku Six Nations of the Grand River, dera la eni nthaka a kuno, osakwana theka la ola pagalimoto. Ambiri a msinkhu wawo chilankhulo anachisiyira ku Mohawk Institute, sukulu yogonera komweko ya ku Brantford imene ana ankalangidwa akalankhula chakwawo. Anaitseka mu 1970, ndipo amene anadutsamo amaitchabe Mush Hole chifukwa cha phala lomwe ankadya tsiku ndi tsiku. Ndinalembetsa maphunziro, ndinamaliza, ndiye nayi njira yake.

Choyamba, sankhani chilankhulo. A Haudenosaunee, omwe ndi anthu a ku Six Nations, ndi mitundu isanu ndi umodzi, koma ku Six Nations Polytechnic, koleji ya eni dera yomwe ili ku Ohsweken, mumasankha chimodzi mwa ziwiri: Mohawk, chomwe eni ake amati Kanyen'kéha, kapena Cayuga. Maphunzirowa anayamba ngati dipuloma mogwirizana ndi McMaster University ya ku Hamilton, kenako mu 2016 kolejiyi inayamba kupereka digiri yakeyake ya zaka zitatu. Ndiye mukamaimba foni funsitsani kuti chaka chimenecho akupereka pepala lanji. Cayuga ndi chimene chimamveka kwambiri pa miyambo ya ku longhouse, nyumba yawo yochitiramo miyambo ya makolo, koma amene anachiyamwa kwa amayi awo safika ndi 100 omwe. Mohawk chili ndi mabuku ambiri ndipo chimalankhulidwa m'madera angapo. Ine ndinatenga Mohawk chifukwa cha ulesi, osanama. Ndinkati zipangizo zake n'zosavuta kupeza.

Chachiwiri, mapepala. Ngati sukulu munaphunzira kumudzi, satifiketi yanu ya MSCE kapena ya ku koleji ingafunike kuti iunikidwe ndi mabungwe ngati WES kapena ICAS. Funsani kolejiyo kuti imavomereza liti musanalipire kalikonse. Alipo anthu m'magulu a WhatsApp amene amati adzakufulumizitsirani zimenezi mukawapatsa kangachepe. Asiyeni, palibe khomo lakuseri kumeneko. Za fizi: eni dera ali ndi ofesi yawo yowalipirira, ife alendo timadzionera tokha, choncho ngati ndinu nzika kapena muli ndi PR, chilolezo chokhala ku Canada mokhazikika, funsani ngati pulogalamuyo imalowa mu OSAP, thandizo la ndalama la boma kwa ophunzira a ku Ontario. Amene muli ku Malawi, onani kaye ngati sukuluyo ili pa mndandanda wa sukulu zololedwa kulandira ophunzira akunja musanayambe kulota za viza.

Chachitatu ndi pomwe ndinagwa chagada, ndiye pano ndikhalapo pang'ono.

Atanditenga, panatsala miyezi itatu kuti makalasi ayambe, ndipo ndinati ndisakafike ngati mbuli. Ndinapeza bambo wina pa intaneti wogulitsa makadi a mawu pamodzi ndi mawu ojambulidwa, madola 80, akuti "Mohawk yonse m'masiku 90". Ndinkaloweza m'basi, pa nthawi yopuma, ngakhale pophika nsima. Galu, è:rhar. Mphaka, takò:s. Tsiku loyamba aphunzitsi anati aliyense alembe pabolodi mawu othokoza. Anzanga onse analemba nyá:wen, ine ndekha niá:wen. Kenako anandifunsa dzina la galu, ine molimba mtima n'kuyankha ndi l m'malo mwa r, monga ndinamvera pa zojambula zija. Anamwetulira n'kufunsa kuti ndani wa ku Akwesasne amene anandiphunzitsa.

Nkhani yake ndi iyi. Mohawk cha ku Kahnawà:ke, pafupi ndi Montreal, chimalembedwa ndi i pomwe a ku Six Nations ndi ku Tyendinaga amalemba y. Ku Akwesasne chilembo r amachitchula ngati l. Zonsezi ndi zolondola kwa eni ake, monga momwe munthu wa ku Chipata ndi wa ku Mulanje amamvanirana koma aliyense ali ndi kamvekedwe kake. Koma makadi anga aja anali chisakanizo: kalembedwe ka dera lina, mawu a dera lina, ndipo pa makadi ambiri wogulitsayo anachotsa timizere tapamwamba ndi timadontho tiwiri tija, mwina chifukwa makina ake osindikizira ankakana. Timeneti si tokongoletsa. Timadontho timasonyeza kuti mawu akokedwe, kamzere kamasonyeza pokweza kapena potsitsa liwu. Inu amene mumadziwa kusiyana kwa mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga mukumva chimene ndikunena. Kuchotsa zimene ndinaloweza molakwika kunanditengera teremu yonse, ndipo l uja, poti ife Achewa l ndi r timazisakaniza kale, anandikakamira mpaka chaka chachiwiri.

Ndiye musagule kanthu musanalankhule ndi aphunzitsi anu. Alembereni, afunseni kuti mumvetsere chiyani. Zambiri zabwino n'zaulere. Madola 80 aja bwenzi nditathira petulo.

Chachinayi, mphatikiram'mbuyo. Apa ife tili ndi mwayi umene anzathu olankhula Chingerezi chokha alibe. Mawu amodzi a Mohawk amanyamula chiganizo chonse, monga ndimakukonda amanyamulira ine, iwe, nthawi ndi kukonda. Kenòn:we's, chimandisangalatsa. Senòn:we's, iwe. Ranòn:we's, mwamuna. Yenòn:we's, mkazi. Konnòn:we's, iweyo umandisangalatsa. Tsinde ndi limodzi, chosintha ndi koyambirira kwa mawu. Anzanga ankagwira mutu, ine ndinkangoona ndi-, u-, a- zathu zomwe zija. Chovuta n'chakuti zawo n'zambiri: "ife awiri" ndi zina, "ife ambiri" ndi zina, ndiponso zimasiyana ngati womvetserayo ali m'gulumo kapena ayi. Njira ya tsinde la mawu, imene sukulu ya akuluakulu ya Onkwawenna Kentyohkwa imadziwika nayo, imazigawa m'mitundu itatu: zofiira, zabuluu ndi zapepo. Gulani mapeni atatu a mitundu imeneyo ku dollar store, osati ku sitolo ya mabuku, ndipo lembani tebulo lonse m'mawa uliwonse mpaka dzanja liziyenda lokha. Mudzazindikiranso kuti mulibe m, p ngakhale b. Mumalankhula mphindi zisanu milomo osakumana.

Chachisanu, lowezani Ohén:ton Karihwatéhkwen, mawu othokoza chilengedwe amene amatsegulira ndi kutsekera misonkhano. Yambani ndi yaifupi. Ndipo pali zinthu za ku longhouse zimene si za m'kalasi. Akakuuzani kuti ichi musajambule, musafunse chifukwa.

Zotsalazo mudzazipeza nokha. Ikani Keyman pa kompyuta ndi pafoni, n'kwaulere, makamaka ngati mwatenga Cayuga chokhala ndi ę ndi ǫ. Dzijambuleni mawu musanapite ku mayeso olankhula. Pezani mnzanu wagalimoto wochokera ku Brantford kapena Hamilton muzisonkherana za petulo, ndipo matayala a chipale chofewa akhale atamangidwa November asanathe, poti misewu ya kumeneko usiku kulibe magetsi.