Kuchepetsa kuthithikana kwa magalimoto: yambirani pamphambano musanakulitse msewu

Msewu suthithikana wonse nthawi imodzi. Pamakhala malo amodzi kapena awiri pamene magalimoto ofika amachuluka kuposa odutsa, ndipo mzere wotalika makilomita atatu umayambira pamenepo. Kuti muwapeze malowo, tsatirani mzerewo mpaka kumutu kwake, pamene magalimoto akuyambanso kuthamanga. Kawirikawiri mupeza mphambano, siteji ya mabasi kapena mlatho wopapatiza.

Musanakhudze chilichonse, werengani. Ikani munthu mmodzi pa msewu uliwonse wolowa pamphambanopo, alembe pa mphindi 15 zilizonse magalimoto opita molunjika, okhotera kumanja ndi okhotera kumanzere, ndipo malole ndi mabasi awalembe padera. Chitani izi Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi, masukulu ali otsegula. Ambiri amalakwitsa apa: amawerenga okhawo amene adutsa n'kuganiza kuti ndiwo onse ofuna kudutsa. Mzere ukakhala ukukula, owonjezekawo awerengedwenso. Lembaninso anthu amene ali m'galimoto iliyonse, chifukwa nambala imeneyi mudzaifuna pokambirana za mabasi.

Masamu a pamphambano ndi osavuta. Loboti likayatsa lobiriwira, kanjira kamodzi ka msewu, kamene madalaivala amati leni, kamatulutsa galimoto imodzi pafupifupi masekondi awiri aliwonse. Pa ola lathunthu akanakhala magalimoto 1,800, koma lobiriwira silikhala ola lonse. Ngati maloboti amazungulira mbali zonse pa masekondi 90 ndipo mbali yanu imalandira masekondi 40, leniyo idutsa magalimoto 800 okha pa ola. Akafika 900, otsala ndi 100. Galimoto yoima pamzere imatenga mamita 7 kuphatikiza mpata wa kutsogolo kwake, kotero pakutha pa ola mzere watalika mamita 700, pa maola awiri wafika kilomita imodzi ndi mamita 400. Magalimoto 100 okha ndi amene ayambitsa zonsezi, ndipo kuwonjezera masekondi 5 mbali imeneyo kungawadutsitse.

Kuchuna maloboti

Njira imene katswiri wa zamisewu F. V. Webster anafalitsa ku Britain mu 1958 ikugwirabe ntchito. Mbali iliyonse imene imayatsidwa payokha, tengani leni yotanganidwa kwambiri, mugawe magalimoto ake a pa ola ndi 1,800. Tinene msewu waukulu uli ndi 810, zomwe zikupereka 0.45, ndipo wodutsa uli ndi 540, zomwe zikupereka 0.30. Kuphatikiza ndi 0.75. Kenako pezani masekondi otayika, amene palibe galimoto ikudutsa chifukwa maloboti akusintha ndipo oyamba akudzutsa galimoto. Tinene ndi 10. Chulukitsani 10 ndi 1.5, muwonjeze 5, mupeza 20. Gawani 20 ndi zotsala mukachotsa 0.75 pa 1, zomwe ndi 0.25. Yankho ndi masekondi 80: ndiwo utali wa kuzungulira kumodzi. Mukachotsapo 10 otayika aja, 70 otsalawo muwagawe molingana ndi kuchuluka kwa magalimoto, 42 kwa msewu waukulu ndi 28 kwa wodutsa. Onetsetsani kuti oyenda pansi akwanitsa kuwoloka m'nthawiyo, powerengera kuti munthu amayenda pafupifupi mita imodzi pa sekondi.

Chiphatikizo chija chikafika 0.9, masamu omwewa amapereka masekondi 200. Pamenepo siyani kulimbana ndi maloboti, mphambanoyo yadzaza. Chotsala ndi kuchepetsa mbali zoyatsidwa paokha. Okhota modutsa kutsogolo kwa obwera ndi amene amadya nthawi yambiri. Apatseni leni yawoyawo yoimapo, kapena letsani kukhotako nthawi yopita kuntchito ndi yoweruka, akakhotere patsogolo.

Maloboti oyandikana azizungulira pa masekondi ofanana, apo ayi sangagwirizane. Ngati atalikirana mamita 500 ndipo magalimoto amayenda makilomita 50 pa ola, lachiwiri liyatse lobiriwira patapita masekondi 36. M'mawa kugwirizanaku kukomere olowa mumzinda, madzulo otuluka. Makina ngati SCATS a ku Sydney ndi SCOOT a ku Britain amasintha nthawizi okha, koma amadalira tizipangizo tomva magalimoto, nthawi zambiri mawaya okwiriridwa m'phula. Okonza mapaipi akadula waya umodzi, makinawo amayamba kugawa nthawi mwachimbulimbuli. Osawagula ngati palibe ndalama ndi amisiri owasamalira. Mabatire osungira magetsi pa loboti lililonse ndi ofunika kuposa makina apamwambawo.

Wapolisi woima pakati pa mphambano amathandiza maloboti akazima. Koma akamagwira mbali imodzi mphindi zitatu kuti ayeretse mzere umene akuuona, mzere wa mbali inayo umabwerera mpaka kutseka mphambano ya kumbuyo, imene iye sakuiona. Mpatseni nthawi zolembedwa ndi wailesi yolankhulirana ndi anzake.

Siteji ndi mabasi

Minibasi yoima mu leni masekondi 30 nthawi ya lobiriwira imatsekereza magalimoto 15. Zikaima 60 pa ola, leniyo yatsekeka theka la ola. Siteji isakhale pamene magalimoto amaima podikira maloboti. Isunthireni kutsidya kwa mphambano, patali mokwanira kuti mabasi oima motsatizana asabwerere mpaka pakati, ndipo muikumbire malo olowa kunja kwa leni. Utali wake utengere mabasi amene amafika pamodzi nthawi yothina, osati a masana.

Dalaivala amene malipiro ake amadalira okwera adzaima kudikira kuti basi idzaze, ngakhale mutamulipiritsa chindapusa kangati. Ku Curitiba ku Brazil, kumene misewu ya mabasi okha inayamba mu 1974, ndi ku Bogotá ku Colombia, kumene misewu yotereyi yotchedwa TransMilenio inatsegulidwa mu 2000, anathana nazo polipira makampani potengera makilomita amene basi yayenda. Ndalama za okwera zimatoleredwa pamodzi, okwera amalipiriratu asanalowe, ndipo basi ilibenso chifukwa chodikirira. Lagos, Johannesburg ndi Dar es Salaam anatsegula misewu yotere mu 2008, 2009 ndi 2016. Chovuta chachikulu sichikhala konkire, koma kugwirizana ndi eni mabasi akale, ndipo zokambiranazo ziyambe mapulani asanajambulidwe.

Leni ya mabasi okha imaoneka yopanda kanthu, ndipo a magalimoto adzadandaula. Ayankheni ndi manambala munawerenga aja. Magalimoto 800 okhala ndi munthu mmodzi kapena awiri amanyamula anthu pafupifupi 1,200 pa ola. Basi ya anthu 60 yodutsa mphindi ziwiri zilizonse imanyamula 1,800. Utoto wokha suteteza leniyo, pamafunika chotchinga chenicheni kapena makamera. Mabasi akayamba kubwera atatu pamodzi kenako n'kusowa, chifukwa chake n'chakuti yochedwa imapeza anthu ambiri pa siteji n'kuchedwerako, yam'mbuyo imapeza ochepa n'kuipeza. Woyang'anira aimitse yam'mbuyoyo mphindi imodzi kapena ziwiri pa siteji yaikulu kuti mipata ifanane.

Lole ikafera pa msewu wa maleni awiri, simutaya theka lokha, chifukwa odutsa amachepetsa liwiro polowerana ndi poyang'ana. Ikani galimoto yokoka pafupi ndi malo othina nthawi yam'mawa ndi yamadzulo, yokwanira kukoka lole yodzaza, ndipo lamulo lilole kuchotsa galimotoyo mwini wake asanafike. Muzilemba mphindi zimene zapita kuchokera pamene uthenga wafika kufikira msewu utatseguka. Okumba msewu ndi otsitsa katundu m'masitolo apatsidwe maola ena.

Zonsezi zimafuna mwini mmodzi. Msewu umodzi ukhoza kudutsa m'makhonsolo atatu, maloboti ali m'manja mwa ena, ziphaso za mabasi kwa ena, apolisi kwa enanso. Khonsolo imodzi ikatsegula mphambano yake, mzere umangosamukira kwa oyandikana nawo. London inaika misewu ikuluikulu, maloboti ndi mabasi pansi pa bungwe limodzi lotchedwa Transport for London mu 2000. Kumene bungwe lotere kulibe, yambani ndi chipinda chimodzi chokhalamo onsewa nthawi yothina, nambala imodzi ya foni yolandirira malipoti ndi pangano lolembedwa la amene ali ndi mphamvu yosintha maloboti.

Nanga kukulitsa msewu? Kumathandiza pa malo opapatiza enieni, ngati mlatho. Koma msewu wolowa mumzinda ukakula, amene ankanyamuka m'mamawa, odzera njira zina ndi okwera basi amabwerera, ndipo umadzazanso. Msewu waukulu wa Katy Freeway ku Houston ku America anamaliza kuukulitsa mu 2008, koma patangopita zaka zochepa maulendo a nthawi yothina anayambanso kutalika. Mizinda ina inasankha kulipiritsa olowa pakati pa mzinda: Singapore mu 1975, London mu 2003, Stockholm poyesera mu 2006, kumene magalimoto odutsa malire olipirira anachepa ndi pafupifupi 20 pa 100 alionse. Stockholm inayamba yawonjezera mabasi miyezi ingapo kulipiritsako kusanayambe, ndipo dongosolo lake ndi lomwelo: basi ifike kaye, malipiro abwere pambuyo.

Mukasintha chinthu, sinthani chimodzi, mudikire milungu iwiri kapena itatu kuti madalaivala azolowere, kenako muwerengenso masiku omwe aja, maola omwe aja. Yezani ulendo wonse kuchokera kumayambiriro kwa msewu mpaka kumapeto, pa galimoto ndi pa basi, ndipo muyang'anenso timisewu ta m'mbali kumene othawa mzere amadzera.