Momwe mungachitire kuti ana alipire ndalama zochepa pa minibasi mukabwera ku Zomba

Sukulu zikatsekera, mabanja ambiri amabwera ku Zomba ndi ana awo, ena kudzacheza ndi achibale ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Sadzi, ena kudzakwera phiri kuti ana akaone damu la Mulunguzi. Ndalama zoyendera zimatha msanga ngati ana ali atatu kapena anayi, makamaka popeza mitengo ya minibasi imakwera bungwe la MERA likangokweza mtengo wa mafuta. Chofunika kuchimvetsa musanafike n'chakuti m'minibasi ndi m'magalimoto ang'onoang'ono onyamula anthu, monga a Sienta, munthu amalipira mpando osati zaka zake. Simudzapeza mtengo wa ana utalembedwa pachitseko, choncho kuchotseredwa kumadalira zomwe mwagwirizana ndi kondakitala.

Ntchito iyambire kunyumba. Imbirani foni amene mukukawachezera kuti akuuzeni mtengo wa munthu wamkulu wa masiku amenewo, chifukwa mlendo wosadziwa mtengo amatha kusangalala kuti amuchotsera pamene anayamba amukwezera. Konzaninso ndalama zing'onozing'ono zokwanira. N'kovuta kupempha kuti akuchotsereni mutagwira K5,000 poonekera, komanso chenje chikavuta, ndalama yomwe munapulumutsa ija imatha kuthera momwemo.

Kenaka ganizirani bwino za mwana amene akhale pamiyendo ndi amene afunike mpando wake, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Mwana wamng'ono amene mwamunyamula kawirikawiri salipira. Ana awiri ocheperako akhoza kukhala pampando umodzi, wamkulu atanyamula mng'ono wake, inu n'kulipira mtengo wa munthu mmodzi. Komabe muyese kutalika kwa ulendo. Kuchoka pamsika wa Zomba kupita ku Chinamwali mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri mukhoza kumunyamula popanda vuto, koma kuchoka ku Limbe kufika ku Zomba pamsewu wa M3 ndi mtunda woposa makilomita 60, ndipo pofika pa Namadzi miyendo imakhala itachita dzanzi, mwanayo akulira ndi kutentha. Pa ulendo wotere ndi bwino kumupezera mpando n'kukambirana za mtengo wake, kusiyana ndi kumupanikiza pakati pa mawondo anu ndi thumba la ufa.

Mukafika pa depoti kapena pa siteji, funsani kuti kondakitala weniweni ndi uti. Anyamata oitanira amavomera chilichonse kuti mukwere, koma galimoto ikanyamuka iwo amatsala, ndipo wotolera ndalama amakhala wina amene sanamve zomwe munapangana. Lankhulani musanakwere, katundu akadali m'manja mwanu, ana ataima poti awaone msinkhu. Mawu anu asakhale ambiri: "Achimwene, ndili ndi ana atatu. Wamng'onoyu ndimunyamula, awiriwa akhala pampando umodzi. Tonse pamodzi mutitenga pa zingati?" Kufunsa mtengo wa banja lonse kumathandiza kuposa kunenerera mwana aliyense payekha, chifukwa kondakitala amaona kuti mzere wonse wadzaza nthawi imodzi. Akatchula mtengo, ubwerezeni mokweza pang'ono kuti amene akhala pafupi amve. Akakana, musakwiye, thokozani n'kupita pa galimoto yotsatira, ndipo nthawi zina amakuitanani musanapite patali.

Nthawi yomwe mwasankha kuyenda ili ndi mphamvu kuposa luso lanu la kunenerera. M'mamawa anthu akamathamangira kuntchito, madzulo akamaweruka, kumapeto kwa mwezi, ndiponso masiku amene ophunzira a pa Yunivesite ya Malawi ku Chirunga akutsegulira kapena kutsekera, mpando uliwonse umakhala ndi mwini wake wolipira mtengo wathunthu. Cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka masana, minibasi zimakhalitsa pa depoti kudikira kuti zidzaze, ndipo pamenepo pempho lanu limamveka.

Pali makondakitala ena amene amachotsera ana ovala yunifolomu pa maulendo afupiafupi a m'tauni. Chimenechi ndi chifundo chawo kwa ana opita kusukulu, si lamulo, ndipo kuveka mwana yunifolomu pa tchuthi kuti alipire zochepa n'kumuphunzitsa chinyengo chifukwa cha ndalama yosakwana kugula ndi sopo yemwe.

Ngati mukubwera pa basi yaikulu yodula matikiti, funsani ku ofesi kwawo musanagule, popeza kampani iliyonse ili ndi malamulo ake pa nkhani ya ana, ndipo kumeneko zaka zimawerengedwa. Chiphaso cha unzika chimaperekedwa kwa amene akwanitsa zaka 16, choncho mwana wocheperapo mumutengere kalata ya kubadwa kapena kabuku kake ka kuchipatala, komwe kamasonyeza tsiku lobadwa.

Za kabaza n'zachidule. Musaunjike ana awiri kapena atatu pa njinga yamoto imodzi pofuna kupulumutsa ndalama, chifukwa zipewa zoteteza kumutu za msinkhu wawo sizipezeka, ndipo misewu ya m'munsi mwa phiri ili ndi zitunda ndi makhota. Ulendo wa ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba, ndi wosiyana: kumeneko anthu ambiri amachita hayala galimoto yonse, motero chiwerengero cha ana sichisintha mtengo malinga akwane bwino m'mipando. Chofunika n'kugwirizana ngati mtengowo ukuphatikiza kudikira ndi kubwerera, ndipo mabanja awiri akhoza kusonkherana.

Polipira, perekani ndalama ya banja lonse kamodzi, mukuloza amene mwawalipirira, ndipo mulandire chenje musanafike potsikira. Funsaninso za katundu pachiyambi pomwe, chifukwa zomwe anakuchotserani pa mwana akhoza kuzibweza pa chikwama chomwe chakhala pampando.

Chenjeraninso ndi chizolowezi chomwe apaulendo amachitchula kuti kugulitsidwa. Minibasi ikatsala ndi anthu ochepa panjira, mwina pa Thondwe kapena pa Songani, dalaivala amatha kuima n'kusamutsira otsalawo m'galimoto ina kuti iye abwerere. Zikatero, musatsike ndi ana mpaka kondakitala woyamba atauza mnzakeyo, inu mukumva, kuti banja lanu lalipira kale ndiponso kuti ndi mipando ingati. Akapanda kutero, kondakitala watsopanoyo adzawerenga mitu, ndipo mwana amene anali pampando adzauzidwa kuti alipire kapena akhale pamiyendo ulendo wonse wotsalawo.