Momwe mungayerekezere Lennox Lewis ndi ankhonya a heavyweight (gulu la olemera kwambiri) a masiku ano

Musanayambe mkangano, gwirizanani kaye kuti mukukamba za Lewis wa chaka chiti. Lewis amene anagwetsedwa ndi Oliver McCall mu raundi yachiwiri mu 1994 ankadalira kwambiri dzanja lamanja, ndipo akaponya nkhonyayo ankasiya chibwano poyera. Atayamba kuphunzitsidwa ndi Emanuel Steward, jab yake (nkhonya yachangu yolunjika ya dzanja lakutsogolo) inakhwima ndipo kaimidwe kake kanasintha. Tengani Lewis wa pakati pa 1999 ndi 2002. Chitani chimodzimodzi ndi amene mukumuyerekezera naye: Tyson Fury wa 2020, amene anagonjetsa Deontay Wilder, si Fury amene anavutika ndi Francis Ngannou mu 2023.

Kenako lembani miyeso ya matupi. Lewis ndi wamtali masentimita 196, ndipo akatambasula manja amafika 213. Oleksandr Usyk ali ndi 191 ndi 198, Anthony Joshua 198 ndi 208, Fury 206 ndi 216. Mawu oti ankhonya a lero ndi akuluakulu kuposa akale amagwira ntchito pa Rocky Marciano kapena Joe Frazier, koma pa Lewis ayi. Iye ankalowa m'bwalo akulemera makilogalamu oposa 110, pomwe Usyk amakhala cha m'ma 101.

Ntchito yaikulu ili pa adani ake. Mbiri ya Lewis ndi yoti anapambana ka 41, anagonja kawiri, analepherana kamodzi, ndipo 32 mwa zipambanozo anamaliza nthawi isanakwane. Manambala amenewa paokha sanena zambiri. Pa dzina lililonse lembani zaka za munthuyo tsiku la nkhondoyo ndi momwe anachitira m'masewero ake atatu apitawo. Mike Tyson amene anagwa mu raundi 8 ku Memphis mu 2002 anali ndi zaka 35 ndipo liwiro lake linali litachepa kale, choncho chipambano chimenecho musachipatse mapointi ochuluka ngakhale dzinalo ndi lolemera. Evander Holyfield wa November 1999 anali ndi zaka 37 koma anali akadali ndi malamba awiri. Razor Ruddock, amene anagwa mu raundi yachiwiri mu 1992, anali wowopedwa nthawi imeneyo, ndipo anthu ambiri amamuiwala powerengera. Nkhondo ya Vitali Klitschko ya 2003 imafuna kusamala: inaimitsidwa raundi 6 itatha chifukwa cha bala pamwamba pa diso la Klitschko, Klitschkoyo akutsogola ndi mapointi 58-56 kwa oweruza onse atatu. Lewis anapambana mwachilungamo, chifukwa balalo linabwera ndi nkhonya, koma anali ndi zaka 37 ndipo anali wonenepa kuposa kale lonse.

Kugonja nakonso muzikufufuza chifukwa chake. Mu April 2001 ku Brakpan, kufupi ndi Johannesburg, Hasim Rahman anamugwetsa mu raundi 5. Malowo ali pamtunda wokwera kwambiri pomwe mpweya umachepa, Rahman anafika msanga kudzazolowera, pomwe Lewis anachedwa akujambula filimu ku Las Vegas. Mu November chaka chomwecho anabwezera mu raundi 4. Lewis anabwezeranso McCall mu 1997. Choncho Lewis anagonjetsapo aliyense amene anakumana naye ngati katswiri. Joshua anabwezera Andy Ruiz mu 2019, koma Usyk anamugonjetsa kawiri konse.

Pa malamba pamasokoneza anthu ambiri. Mu 1999 Lewis anakhala ndi malamba a mabungwe a nkhonya a WBA, WBC ndi IBF, ndipo atatuwo anali okwanira kuti atchedwe ngwazi yosatsutsika chifukwa WBO sinkawerengedwa kwenikweni. Usyk anafunika anayi pamene anagonjetsa Fury ku Riyadh mu May 2024. Musamuchotsere Lewis mapointi chifukwa cha lamba amene nthawi yake sinkamufuna. Maraundi ndi 12 m'nthawi zonse ziwiri, ndiye apo palibe chosintha.

Tsopano onerani makanema, mawu a olengeza mutawatseka. Sankhani raundi yachitatu, yachisanu ndi chiwiri ndi yakhumi, ndipo werengani ma jab ofika, amene akubwerera chambuyo, ndi momwe miyendo ikuyendera munthu akatopa. Tizidutswa ta pa YouTube tongoonetsa anthu akugwa timanamiza, chifukwa timabisa maraundi amene wankhonya ankasowa chochita.

Mukachita izi mudzaona kuti Joshua, amene amaima molunjika ndipo amavutika akamenyedwa zolimba, akanamenyedwa mosavuta ndi jab ndi uppercut (nkhonya yochokera pansi kupita m'mwamba) ya Lewis. Fury akanamutopetsa Lewis ndi kumukumbatira ndi kumutsamira. Funso lovuta ndi Usyk, chifukwa ndi wamanzere, sasiya kuyenda, ndipo amawonjezera liwiro kumapeto. Holyfield, Tyson, Rahman ndi Klitschko onse ankaima ngati odalira dzanja lamanja, ndiye makanema awo sakuthandizani pamenepa. Yang'anani m'malo mwake nkhondo ya Ray Mercer ya 1996, imene Lewis anapanikizidwa kwa maraundi 10 n'kupambana mwa mapointi movutikira, ndiye muiyerekezere ndi raundi 9 ya Usyk ndi Fury ku Riyadh.